Azungu Anagwadira Apongozi Anga

Okondedwa ba sisi,

Muli bwanji ku Chipata? Kuno ku Malota tili bwino, chifuwa cha mwana wathu Taonga chinapola.

Imvani izi! Loweruka ndinatsogolera ndekha koyamba azungu asanu odzaona malo pa njinga zamoto zamatayala anayi zija, kukwera zitunda za kumudzi kwa akazi anga. Ponyamuka ndinawalangiza kuti, "Chimene ndichite, inunso chitani."

Pamphambano tinakumana ndi apongozi aamuna, omwe aja amati ntchito yanga ni masewera a ana. Ndinatsika, n'kugwada, n'kuomba m'manja. Pocheuka, azungu onse agwada m'fumbi, akuomba!

Madala anangoti kukamwa yasa. Lero akuuza mudzi wonse kuti mkamwini wawo amagwaditsa azungu.

Mundipempherere, mawa ndidutsanso pomwepo. Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Yohane