Zidindo Zinayi pa Khadi la Nasri

Kivule,
Dar es Salaam.
Lolemba, 13 Meyi.

Okondedwa achemwali Rukia,

Mawu akuti okondedwawo ndalemba chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira kuyamba kalata kusukulu, musawatengere kumtima. Moni waulemu wa shikamoo sindikupatsani. Foni yanu ndakhala ndikuimba kuyambira Lachisanu mpaka chala chauma, ikungoti simukupezeka, ndiye ndagula mapepala. Kalatayi ndimupatsa Hamisi, kondakitala wa basi ya ku Masasi, mawa m'mawa. Ndamuuza kuti aipereke m'manja mwanu, osati mwa amayi. Iye abwerera kuno Lachinayi, ndipo pali chinthu chimene ndikufuna abwere nacho kuchokera kwa inu. Khalani pansi muwerenge mpaka pothera.

Lachitatu lapitali ndinali pakhonde ndikukazinga zitumbuwa, Nasri wanga nditamubereka kumbuyo. Kunafika mayi wina wa zaumoyo, dzina lake Mayi Kileo, atavala majombo chifukwa cha matope athu aja, m'manja ali ndi chifoni chachikulu ngati thireyi. Anati akuyenda dera lonse kulemba mapu a tizipatala tolipira ndi masitolo a mankhwala, kuti adziwe kumene ana akubayitsa katemera ndi kumene kulibe. Anati boma silikutha kutsatira Kivule, munthu ukapita kumaliro sabata imodzi pobwera upeza nyumba zitatu pamene panali chinangwa. Kenako anandifunsa kuti, "Nanga kamfumu kali kumbuyoko mumakabayitsa kuti?"

Ine monyada, "Ameneyu ndiye anamaliza zonse mpaka wa chikuku. Ku kachipatala ka a Ngonyani." Ndinathamangira m'nyumba kukatenga khadi la kusikelo, lili bwinobwino m'pulasitiki mwake.

Anayang'ana khadi, anayang'ana chifoni, anayang'ananso khadi.

"Kwa a Ngonyani pafupi ndi chigayo paja? Ndikuchokera komweko. Tabwerani muone."

Anandionetsa timadontho. Tobiriwira ndi malo amene amabaya katemera. Totuwa ndi malo amene sabaya. Pa chigayo paja panali kadontho kotuwa.

"Mwini wake wandiuza ndi pakamwa pake kuti chitsegulire sanabayepo katemera ngakhale mmodzi. Fuliji alibe, ndayang'ana mpaka kuseri. Ndiye zidindo zinayi izi zachokera kuti? Dzanja lalemba apali ndi la ndani?"

Achemwali, dzanja lanu ndimalidziwa kuposa langa. Seveni wanu wa kamchira uja anali kundiyang'ana. Zitumbuwa zinapserera m'chiwaya. Ndinati, "Sindikukumbuka, anali nesi wina wake." Ndinanena bodza kuti ndikutetezeni, ndipo mayiyo anaona kuti ndi bodza. Anangolemba nambala yake kuseri kwa khadi nati, "Mukakumbukira mundiimbire. Ine sindine wapolisi, mwana wanga."

Lachisanu, Faraja, mwana wa khomo loyang'anana nafe, yemwe ankakutchani nesi wa maswiti, anatuluka zidzolo thupi lonse, kuyambira kuseri kwa makutu. Maso ofiira, omatana, kutsokomola ngati nkhalamba. Anali atatentha masiku atatu, ife n'kumati malungo. Masiku onsewo Nasri ankakwawira pa mkeka womwewo, ankanyambita supuni yomweyo. Kuchipatala chachikulu adokotala ati ndi chikuku. Make Faraja anawaonetsa khadi nati sizingatheke, onani chidindo. Faraja ali komweko mpaka lero, ali ndi mapaipi m'mphuno.

Loweruka make Faraja anabwera kudzatenga zovala, anandipeza pa mpopi. Ndowa zinali zambiri, azimayi onse analipo. Sanandipatse moni.

"Iwe, ali kuti nesi wako uja?"

"Ali ku Masasi, amayi akudwala."

"Amayi akudwala! Ife ana athu akuvina eti? Si iwe unkayenda khomo ndi khomo, mchemwali wanga ndi nesi, mchemwali wanga amabaya mwana osalira, mukavutikirenji pa mzere? Amabaya osalira chifukwa ankabaya madzi a mumpopi uno!"

Wina kumbuyo anati, "Nesi wa fulasiki ya tiyi." Palibe anaseka. Make Faraja anakankha ndowa yanga ndi phazi, madzi onse m'matope, nati, "Wanga akapita, wakonso usamuwerengere." Chiyambire tsiku limenelo palibe wagula chitumbuwa changa ngakhale chimodzi. Ana akadutsa pakhonde panga, amawo amawakoka dzanja.

Ndinapita kwa a Ngonyani masana omwewo. Anandilandirira pa windo ngati wopemphetsa. "Rukia uti? Wokolopa uja? Ntchito yake inali tsache ndi kulemba mayina a odwala. Chidindo chimakhala m'dirowa, ngati ankachiba ndi nkhani ya kubanja kwanu. Ukatchula dzina langa kwa anthu a mapu aja, udzandidziwa bwino." Anatseka windo.

Tsopano ndiuzeni inu. Munali chiyani m'timabotolo timene munkayenda nato m'fulasiki yofiira ija? Munkati mnzanu wina wa ku chipatala china amakupatsani totsala. Mnzanu uti? Totsala ta liti? Ndipo mwezi wa Malichi uja, mutanyamuka mwadzidzidzi ndi chikwama chimodzi, amayi ankadwaladi, kapena munali mutamva kuti anthu ayamba kuyenda ndi mafoni m'tizipatala? Ine ndinalankhula ndi amayi sabata yomweyo, anali kumunda akupalira mitengo ya mtedza wa korosho. Ndinangoti mwina apeza bwino msanga. Ndine chitsiru chotero.

Nasri munamunyamula tsiku lomwe anabadwa. Dzina munamupatsa ndinu. Munamugwira ntchafu ndi dzanja lanu, n'kumuimbira, n'kumubaya chinthu chimene inuyo mwina simunkachidziwa. Mpaka lero m'mawa, pa thupi lake lonse katemera woona anali mmodzi yekha, kachipsera ka paphewa kamene anamubaya kuchipatala atangobadwa. Zina zonse ndi inki.

Bambo a Nasri sakundilankhula. Atamva anangoti, "Kwanu bodza mumadyera limodzi ndi mpunga," n'kutenga njinga yawo ya kabaza kupita ku siteji. Koma pali zimene iwo sadziwa, ndipo ndizilemba pano kuti musadzanene kuti ndinadziyeretsa.

Ine ndinkadziwa kuti sukulu ya unesi simunamalize. Ndinalipo tsiku limene munabwera ndi zotsatira n'kudzitsekera m'bafa. Diresi loyera lija tinakasankha limodzi pa kaunjika ku Mbagala, ndine ndinalipinda m'munsi chifukwa linali lalitali. Ndinkadziwa, komabe ndinkauza azimayi kuti ndinu nesi. Zinkandikomera. Kwa nthawi yoyamba anthu ankandiitana pa dzina, ankandisungira malo pa mpopi. Ndipo ndinkaopa kubwerera ku chipatala cha boma. Mukukumbuka Nasri ali ndi masabata asanu ndi limodzi, mmene ndinakwerera maminibasi awiri a daladala mvula ikugwa, ndinafika manambala atatha, nesi wina n'kundikalipira pamaso pa anthu kuti, "Kubereka mumadziwa, koma wotchi simuidziwa?" Benchi yonse inaseka. Ndinabwera ndikulira, inu n'kuti, "Usapitekonso, ndilipo ine."

Choipitsitsa ndi ichi. Loweruka limene munabaya Nasri ndi Faraja katemera wa chikuku, magetsi anali atazima masiku awiri ndipo pasitolo panalibe ayezi. Munandituma kuti nditsegule fulasiki. Ndinaviika chala, madzi ake anali ofunda ngati osambitsira khanda. Ndinakuuzani. Inu munaseka, "Mankhwala si nsomba kuti aole." Ine ndinasekanso, n'kuvundukula ntchafu ya mwana wanga. Ndimafuna kudana nanu nokha, koma chala chija chinali changa.

Lero m'mawa ndinawaimbira Mayi Kileo. Bambo a Nasri anatikweza pa njinga, matope mpaka m'mawondo, kukafika ku chipatala cha boma chomwe chija.  Mayi Kileo anatidikirira pa geti, anatilowetsa okha, ndipo palibe anandikalipira. Nditawauza za madzi ofunda aja anagwira mutu. Ati katemera akatenthedwa amafa, ngakhale atakhala weniweni. Nasri amubaya wa chikuku lero lomwe, enawo akuti ayambiranso mwa dongosolo. Analira mpaka kusasa mawu, ine n'kumakondwa kumva kulirako. Ndinafunsa ngati tsopano wapulumuka. Sanandinamize. Anati, "Mwina tafulumira, mwina tachedwa. Muwerenge masabata atatu. Akangotentha thupi, musadikire zidzolo, thamangani naye."

Kenako anandikhazika pansi nafunsa kuti ana onse obayidwa za m'fulasiki ija ndi angati. A mbali yathu ino ndinawatchula, alipo asanu ndi anayi, ndipo mawa ndiyenda nawo khomo ndi khomo, kaya andithira madzi otsukira mbale. Koma Loweruka lililonse masana munkawoloka khwawa kupita ku mapuloti atsopano aja, nokha, fulasiki m'chikwama. Kumeneko ine sindidziwako munthu. Kulibe dzina la msewu, kulibe nambala ya nyumba. Mayi Kileo anandionetsa pa chifoni chawo, chithunzi chake ndi cha chaka chatha, theka la nyumba mulibemo. Anati, "Ine ndimaona madenga okha, ndipo denga silinena kuti muli mwana."

Ndinati ndiye atumize anthu akabaye ana onse kutsidyako. Anapukusa mutu. Anthu akatemera akafika pakhomo amayamba apempha khadi. Mayi amene sanabayitsepo mwana, amubayira pomwepo. Koma mayi amene munamuyendera inu atulutsa khadi lodzaza zidindo, monyada ngati mmene ndinachitira ine, iwo aona, athokoza, apitirira. Mwamva achemwali? Ana amene simunawakhudze apulumuka. Amene adzalumphidwe ndi anu aja. Chidindo cha a Ngonyani akhoza kuwauza kuti asachikhulupirire, koma inu munandiuza nokha kuti masiku ena munkangolemba deti ndi kusaina, chidindo chikakhala chotsekeredwa. Amenewo adzawazindikira bwanji?

Ndiye chimene ndikufuna ndi ichi. M'envulopu muno ndaikamo pepala limodzi losalembapo kanthu, ndi pensulo yomwe, kuti musanene kuti munasowa cholembera. Jambulani njira zimene munkayenda. Yambirani pa mtengo wa mango wa pa khwawa. Lembani mmene mumalozera munthu njira, kuti ukapitirira pogulitsa makala ukhotere kumanja, nyumba ya chitseko cha buluu, nyumba yosapaka pulasitala ya galu wolusa. Pa nyumba iliyonse lembani dzina la mwana, mukaiwala lembani la make. Musasiye ngakhale imodzi chifukwa cha manyazi. Kusukulu munkakhoza kujambula mapu kuposa tonse, aphunzitsi ankapachika anu pakhoma. Pansi pake mulembe chimene chinali m'timabotolo, ngati mukuchidziwa. Ngati simukuchidziwa mulembe kuti sindikudziwa. Kupepesa musalembe, malo ake palibe.

Dzina lanu sindinalitchulebe. Mayi Kileo anati, "Dzina la mchemwali wako sindikulifuna lero, ndikufuna nyumba." Sindikudziwa kuti anadziwa bwanji kuti ndinu mchemwali wanga, ine sindinanene. Koma Hamisi akatsika basi Lachinayi ali chimanjamanja, kapena pepala likabwera loyera mmene lapitira, ndidzawauza dzina lanu lonse, mudzi wathu, ndi nyumba ya amayi ya pafupi ndi mzikiti, kuti abwere adzakufunseni okha pamaso pa anthu amene amakutchani nesi wa ku Dar. Musaganize kuti ndikuopseza chabe. Mng'ono wanu wopinda madiresi uja anatsala pa mpopi Loweruka.

Pepani mafuta ali papepalali. Nasri wagona pambali panga pa kanga, chitenje chimene munamugulira, ndipo mizere iwiri iliyonse ndikumasiya cholembera kuti ndimugwire pamphumi. Panopa ndi pozizira. Ntchafu yatupa pang'ono pamene amubaya, akuti ndi mmene zimakhalira ukakhala weniweni. Anu aja sankatupa.

Mupereke moni kwa amayi. Muwauze kuti mafuta opaka mawondo ndidzatumiza ulendo wina. Akafunsa za mdzukulu wawo musawauze kuti ali bwino, chifukwa ine make sindikudziwa, ndidzadziwa pakatha masabata atatu. Muwauze chimene mungathe kunena mukuwayang'ana m'maso. Bambo a Nasri sanapereke moni. Make Faraja sanapereke moni. Faraja, tsiku lomaliza limene ndinamuona maso asanamatane, anandifunsa kuti nesi wa maswiti abwera liti.

Basi inyamuka ku Masasi mamawa, musamuchedwetse Hamisi.

Ndine mng'ono wanu mpaka Lachinayi,
Asumini, make Nasri.