Andilanda Dzina la Mwalimu

Kawinga,
Febuluwale 1949.

Okondedwa alamu anga a Sadiki,

Salamu aleikumu. Muli bwanji ku Halale? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno mlongo wanu Lukiya ndi ana ali bwino, kungoti mvula yakana ndipo chimanga chikufota.

A Chande, amene abwera kumene kuchokera kumeneko, andiuza mawu anu, akuti ndichotse mwana wanga Sakina kusukulu ya mishoni ku Kalembo. Asanabwere kwa ine anayamba awafikitsa kumzikiti.

Lachisanu akuluakulu anandikhazika pansi. Anati wopereka mwana kwa Akhristu sangatchedwenso mwalimu. Anatenga matabwa amene ana amalembapo Kurani, ndipo anawo akuphunzira kwa wina.

Ndinawafunsa ngati akudziwa kwawo kwa dzina akundilandalo. Silinabadwire kuno kunyanja ya Chiuta. Linabwera ndi amalonda ochokera ku Kilwa, ndipo Aswahiliwo analitenga kwa Aluya. Muzu wake ndi ilimu, ndiko kudziwa, ndipo mwalimu ndi munthu wodziwitsa ena. M'mabuku onse amene ndinawerenga kwa Aswahili, pachilumba cha Unguja, sindinapezemo lonena kuti kudziwa kumathera pa zilembo za Aluya.

A Chande anayankha kuti ndasanduka mzungu wopanda nsapato. Anthu anaseka, nane ndinaseka.

Mukuopa nkhumba ndi ubatizo. Mantha amenewo sindinawanyoze iyayi, ndinapita kukaona ndekha. Sakina akukhala kwa a Ambrose ndi akazi awo a Bernadetta, Akatolika, amene anamugulira mphika wakewake. Nthawi ya mapemphero ikakwana, Sakina amaswali kuseri kwa nkhokwe popanda womuletsa. Palibe wamuthira madzi pamutu. Akuti akufuna kudzagwira ntchito kuchipatala, chifukwa amayi akuno amaopa kuonedwa ndi amuna.

Mwambo ndikuudziwa. Mbumba ndi yanu, ine ndine mkamwini chabe, ndipo mutha kundipirikitsa pamudzi pano. Lukiya akuti mukatero mudzapeza nyumba yopanda munthu, chifukwa iye anditsatira.

Ndikupemphani, alamu, musaweruze nkhani ya mwana muli kutali. Ine Sakina sindikamutenga. Ngati mukufuna achoke, kwerani sitima, mutsike pa Balaka, mukamuuze nokha pamaso pake chifukwa chake.

Mulungu akusungeni pantchito. Mundiperekere moni kwa a Samson ndi onse akwathu amene muli nawo.

Ine mlamu wanu,
Usumani.