Loweruka Amama Sapita Kumsewu

Chiweta,
Rumphi.
4 Okutobala, 2023.

Okondedwa achimwene Hezron,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Jennifer ndi ana kumeneko ku Lilongwe. Kuno tilipo, dzuwa lokha ndi lomwe latiyamba msanga chaka chino.

Uthenga wanu wa mawu pa WhatsApp ndinaumva. Mwati mukubwera kunyanja ndi anzanu akuntchito pa holide ya Tsiku la Anakubala, magalimoto awiri, ndipo mukufuna ndikuuzeni za msewu, malo ogona ku Chitimba ndi zakudya. Ndinaseka ndekha. Munthu wobadwira pa Chiweta, amene anadziwa kusambira asanadziwe kumanga kabudula, lero akufunsa njira ya kwawo! Komabe zaka zisanu si masewera, msewu nawo wasintha. Ndalemba papepala chifukwa pafoni mumangowerenga mzere woyamba n'kuyankha ndi kachithunzi ka chala. Kalatayi ndapatsira a Raphael, kondakitala wa basi ya ku Karonga, akuimbirani akafika kudepoti.

Loweruka munyamuke m'mamawa. Mafuta muthire ku Mzuzu mpaka thanki idzaze, zakutsogolo musazidalire. Mukadutsa Phwezi muyambe kufatsa, ndipo pamtsetse wathu uja musapikisane ndi mathiraki a malasha, iwo aja alibe chisoni. Mutsike ndi giya yaing'ono, osamangoponda mabuleki. Anyani akadalipo, achulukanso. Alamu muwauze asatsegule windo kuti ajambule. Mwezi wathawu nyani wina analanda mayi wina wa ku Blantyre jumbo yonse ya mabanzi, n'kukakhala pamwala kumadya akumuyang'ana.

Za kogona ndalankhula ndi Isabella, mnzanga uja tinkaimba naye kwaya, amene pano amaphika pa loji ina ku Chitimba. Wakusungirani zipinda zinayi. Mukafika mupemphe zoyang'ana kunyanja, zakumbuyozo mwezi uno ndi uvuni weniweni. Maneti a udzudzu alipo koma ena ndi obooka, mutenge anu. Posambira mupewe pamabango ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja. Pamabango pali likodzo, pamtsinje pali eni ake a mano. Anzanu akamwa asalowe m'madzi. Chaka chilichonse pa holide yomweyi timamva za munthu wa m'tauni amene ankati amatha kusambira.

Chakudya musalole kuti akudyetseni tchipisi ndi nkhuku masiku onse atatu, zimenezo mumadya kwanu. Muuzeni Isabella dzulo lake akukonzereni nsima ya kondowole ndi nsomba ya batala yowotcha. Anzanu ozolowera ufa wa chimanga muwaphunzitse kuti kondowole satafuna, amangonyowetsa zala, kutema pang'ono, kusunsa n'kumeza. Akayamba kulimbana nayo ndi mano mudzaseka mpaka misozi. Lamulungu masana apemphe mbalaga, nthochi zophika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe. Ya Isabella siifika pa ija tinkadya kunyumba, koma mlendo sangadziwe.

Tsopano nsomba zopita nazo kwanu. Munafunsa kuti zabwino mungazipeze kuti, ndipo yankho mukulidziwa kale. Zili pano pa Chiweta, kumunsi kwa mtsetse, pamene magalimoto amaima kuti mabuleki azizire. Galimoto ikangochepetsa liwiro, amayi a mabeseni amaizungulira mawindo onse. Njira ina yolambalala palibe: uku phiri, uku nyanja. Ndipo mukudziwa amene amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi beseni la buluu kuyambira ife tisanabadwe.

Kumapeto kwa uthenga wanu munati, "Osawauza amama. Sitiima, tili ndi alendo. Ndidzabwera bwinobwino pa Khirisimasi."

Chifukwa chake ndikuchimvetsa. Adada anatisiya zaka ziwiri zapitazo inu muli kumaphunziro ku Joni, ndipo chibwerereni simunabwere kudzapepesa maliro. Mwambo wathu mukuudziwa. Munthu amene sanakhale nawo pamaliro a bambo ake sangangoima pamsewu n'kupereka moni pawindo. Ayenera kutsika, kukakhala pansi pakhomo, akuluakulu aitanidwe, amayi alire naye, amuperekeze kumanda, kenako ndi pamene angamwe madzi a pamudzi. Ndi tsiku lathunthu limenelo, ndipo anthu amene anyamula zakumwa zozizira m'galimoto sangadikire. Khirisimasi nayo ndikuidziwa, iyi ikhala yachitatu.

Apa ndiye ndiulule kulakwa kwanga. Uthengawo unandipeza m'golosale ndikupima shuga, manja ali odetsedwa, ndiye ndinangodina n'kuika foni pakauntala kuti izilankhula yokha. Sindinadziwe kuti amama akhala pakhonde kuseri kwa chitseko, akusankha usipa. Chichewa cha m'tauni chimawadutsa, koma mawu a mwana wawo sangawaphonye.

Analowa akupukuta manja pachitenje. "Twambi, bwezeranso," anatero.

Ndinati foni yatha moto. Anangondiyang'ana, ine n'kubwezera. Anamvetsera kawiri konse mpaka kumapeto.

"Mawu ake ayamba kufanana chomene ndi a adada ake," anatero. Kenako anafunsa, "Akudutsa liti?"

"Loweruka la sabata ya mawa, amama."

"Nthawi yanji?"

"Mwina cha m'ma thu koloko. Kubwerera Lolemba."

Amama anati, "Ndiye Loweruka ndi Lolemba ine kumsewu sindipita. Maso anga awa saonanso bwino. Ndingathamangire galimoto yake ndi beseni osadziwa, mwana wane n'kuchita manyazi pamaso pa mabwana ake."

Ndinawakumbutsa kuti masiku amenewo ndi omwe nsomba zimayenda malonda kuposa chaka chonse. Anati nsomba m'nyanja sizitha. Madzulo ake anazungulira anzawo onse a pamtengo paja, kuyambira anyaHarawa, kuwauza kuti akakuonani asakutchuleni dzina, asafuule kuti mwana wa uje wabwera, akugulitseni ngati mlendo wina aliyense. Anawonjezanso kuti asakukwezereni mtengo poona galimoto.

Ine ndinakwiya, achimwene, ndipo ndikadali wokwiya. Sindikubisirani. Ndinafuna kukuimbirani tsiku lomwelo, koma amama anandiletsa. Anati munthu sakokedwa ndi chingwe kupita kumanda kwa bambo ake. Ndiye ndasiya, ndabwerera ku zimene munandifunsa.

Choncho msewu ndi woyera, mudutse momasuka. Nsomba mugule Lolemba pobwerera kuti zisaonongeke. Muyang'ane maso ake akhale owala, ndipo mukatsegula m'mbali mwa mutu mukhale mofiira. Musaziike m'buti, muzimangirire pagalasi la pambali kuti zizipitidwa mphepo, mukafika ku Mzuzu mugule ayezi. Anzanu anenerere mtengo mmene angathere, amayi aja amakonda zimenezo. Koma anyaHarawa akadzabwera pawindo lanu ndi batala womangidwa ndi kansalu kobiriwira, musanenerere, musatulutse chikwama, musafunsenso kuti wachokera kuti. Mungolandira n'kunena yewo. Alamu akafunsa, muwauze zimene mungaone kuti n'zoyenera.

Nkhani zina zakuno n'zochepa. Denga la tchalitchi analimaliza. Bwato la adada tinapatsa a Amock, amuna anga, ndipo likugwirabe ntchito ngakhale limamwa madzi. Dzulo ndinapeza amama ali ndi khasu, akulambula kanjira kochokera kunyumba kupita kumanda. Ndinawafunsa kuti bwanji akudzivutitsa padzuwa lotere, udzu wake wouma kale. Anati akuopa njoka. Lero m'mawa achapa mphasa ija yaikulu timayala kukabwera alendo, ati inachita fumbi.

Nyumba ili pomwe inali, kuseri kwa tchalitchi, ndipo galimoto imafika mpaka pakhomo chifukwa dzenje lija tinalikwirira. Izi sindikuziika pa malangizo a ulendo wanu, ndangoti mudziwe.

Muyende bwino, Mulungu akutsogolereni pamtsetse paja. A Amock akupereka moni. Isabella akuti mudzamuimbire mukanyamuka ku Mzuzu kuti aike nsomba pamoto. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana, makamaka Angela, amene agogo ake amangomudziwira pachithunzi cha pafoni yanga.

Amama ndawafunsa ngati ndilembe moni wawo. Ati ndisalembe, chifukwa iwo sakudziwa kuti mukubwera.

Ndine mlongo wanu,
Twambilile