Masiku Asanu ndi Atatu Eni Nyumba Kulibe

19 Januwale 1987
Apongozi agwanso m'mawa popita kuchimbudzi. Kachitatu. Madzi oundana pamiyala paja. Chigongono chatupa ngati nachesi. Adokotala akuti chikadzathyoka chiuno, basi, sadzadzukanso. Ndati timange chimbudzi m'nyumba sabata yomwe ino. Akana kwamtuwagalu. "Iwe make Sun-deok, ukufuna kundipha? Dikira eni nyumba akwere kaye kumwamba." Eni nyumba ndiye mizimu yawo ija: wa kukhitchini, wa pakhomo, wa kuchimbudzi. Ine wochapa ndi kuphikane ndine mlendo.

25 Januwale
Eni nyumba akwera lero, akuti kukanena za chaka chonse. Masiku asanu ndi atatu tigumule, tikhome, palibe wokwiya. Koma nanga chilumba chonse cha Jeju sichikudziwa zimenezo? Mumsewu malole okhaokha, makabati ndi mabulangete pamwamba, aliyense akusamuka. Amisiri anayi ndawayendera. Wachinayi wachita kundiseka: "Mayi, munali kuti chilimwe chonse?" Miyendo ikuwawa. Bambo a Sun-deok kusitima kwawoko kunyanja, ngakhale kalata.

27 Januwale
Mmisiri palibe. Apongozi ndawaperekeza kuchimbudzi kasanu, nditawagwira mkono. Mphepo yake! Kasanu konse amatsokomola kaye katatu pakhomo, kuiwala kuti mwini wake kulibe.

29 Januwale
Ndampeza! Bambo Tak, wa ku Daegu, si wa kuno, wabwera pachilumba chaka chatha. Wazungulira ndi tepi yake yoyezera, wati mapaipi ali kukhitchini, ndiye chimbudzi chikhale m'kachipinda ka kuseri kwa khoma la khitchini, masiku atatu chatha. Mwana wa kuno ine, ndikudziwa kuti sizitero. Ndinangoti mangani. Ndatopa ine. Apongozi ndawapititsa kwa alamu ku Seogwipo, ndawauza kuti kuthawa fumbi.

1 Febuluwale
Chatha, choyera mbee. Apongozi abwera masana. Sanalowe. Agogoda khoma ndi ndodo, mbali inayo mapoto alira. Ayamba nthano ija ndinaimva ndili mwana: wa kuchimbudzi anamiza wa kukhitchini m'dziwe kuti amulande mwamuna. "Ndiye iwe wawagoneka khoma limodzi?"

Ndakalipa, Bambo Tak akumva. Ndati zimenezo ndi nthano, Amayi, koma chiuno chanu si nthano!

Apongozi sanakweze mawu. "Bambo ake a mwamuna wako atabwera ndi mkazi wachiwiri wa ku Mokpo, anamuika m'kachipinda kameneka. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkasonkha moto apa, ndikumva zonse."

Zaka makumi awiri ndili pakhomo pano, palibe anandiuzapo. Manyazi andigwira. Mkwiyo nawo sunathe.

2 Febuluwale
Eni nyumba abwerera. Kugumula ndi chaka chamawa, ngati chiuno chifika. Chatsopanocho ndatseka, kiyi ndawapatsa apongozi. Mbale ya madzi imene apongozi amaikira wa kukhitchini ndasintha ndekha m'mawa, sindikudziwa chifukwa chake.

Kwaundananso. Ndinawola phulusa kuti ndiwaze panjira ya kuchimbudzi, ndafika nalo pakhomo, ndakumbukira kuti cha kukhitchini sichipita kumeneko. Ndabweza. Mchenga ndiye uli kunyanja, ndi msana wangawu.

Apongozi akuitana. Ndodo yawo ili kuti kodi