Nyemba za Violeta ndi pulano ya zaka khumi

14 Outubro, Lachiwiri
Miyezi isanu lero chimwalirire mkazi wanga. Tsiku lomaliza lija Violeta anali pakhonde, akusankha nyemba za mbewu, kuthira phulusa m'mabotolo. Ine ndikupopa njinga. Anati, "Mubwere ndi mchere, osati nkhani za ku univesidade." Mchere ndinaiwala. Anaseka. M'mawa mwake mutu, kenako chipatala.

Mabotolo khumi ndi anayi akadali kuseri kwa chitseko. Lililonse ndi kansalu kake pakhosi. Iye sankalemba, ankadziwa ndi nsalu.

19 Outubro, Lamulungu
Titatuluka Misa ku Fonte Boa, alamu Augusta abwera kudzatenga katundu wa mng'ono wawo. Zitenje, miphika, nsapato. Ndi zawo ndithu. Mabotolo asiya. "Phikani izi alamu, anankafumbwe asanakudyereni." Kuphika sindingathe. Zikagonanso chaka china, sizimera.

23 Outubro, Lachinayi
Zaka khumi ndi ziwiri ndikudula kapinga pa univesidade, lero koyamba kukhala pampando mu sala ya misonkhano. Atiitana tonse, alonda ndi ife a m'maluwa, kudzamva pulano ya 2026 mpaka 2035. Pakhoma alemba cholinga cha sukulu: kuphunzira kwa alimi, kubwezera kwa alimi. Mawu abwino. Basilio mlonda anagona patsamba lachitatu.

Adotora Dércia, aphunzitsi a za mbewu, anawerenga: nyumba yosungira mbewu zamakolo, 2030.

Dzanja langa linakwera lokha. Ndinati pepani adotora, nyemba sizidikira zaka zisanu, zimafera m'botolo. Sala yonse phwete. Basilio anadzidzimuka n'kuyamba kuomba m'manja, osadziwa kuti akuombera chiyani. Adiretori analemba kanthu papepala. Mwina dzina langa.

4 Novembro, Lachiwiri
Sanandichotse ntchito. Adotora afika kunyumba, galimoto asiya kumsewu, matope mpaka m'akakolo. Agwada pansi kuona mabotolo limodzi limodzi. Akuti ndime ija aisintha: nyumba ikhalebe 2030, koma munda uyambe mvula ino, kuseri kwa laboratoriyo. Wolima ine.

Kenako anafunsa maina a nyembazo. Ndikudziwa awiri okha, kaulesi ndi nanyati. Zaka makumi atatu ndikudya, osafunsa. Manyazi.

16 Novembro, Lamulungu
Ndinanyamula mabotolo panjinga kupita kwa alamu Augusta. Anandiseka kaye mokwanira. "Amuna inu mumadziwa mbale yokha." Kenako anayamba kutchula. Kansalu kofiira, za amayi awo. Kamadontho, Violeta anasinthana ndi mayi wina ku Domwe, chaka cha njala. Kabuluu anakagwira nthawi yaitali. Maina khumi ndi limodzi apezeka. Atatu otsalawo adotora alemba kuti "za Violeta".

9 Dezembro, Lachiwiri
Mvula yokwanira. Tadzala mizere khumi ndi inayi, ana a sukulu akukangana za mtunda wa mapando ngati nkhani ya kukhoti. Anaika timapepala ta maina pamitengo. Mvula yamasana inasungunula timapepala tonse. Mwayi sindinaiwale ndondomeko ya mabotolo. Ndinamasula tinsalu tija, kalikonse kumutu kwa mzere wake. Kuyang'ana patali, ngati wayanika zovala.

Adotora akuti 2035 ndidzakhalepo podzaona ngati pulano yayenda. Ndinati tione kaye ngati zimere.

Mabotolo ndatsuka, ndasiya ku laboratoriyo, adzafunika pokolola. Kuseri kwa chitseko kulibe kanthu tsopano.

Pobwerera ndinagula mchere.