Munthu wa Uve Uja ndi Achimwene António

Ntcheu, Julho 1988

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko ku Ntengo-Wambalame? Nanga mwendo uja ukupwetekabe? Ine ndili bwino kuno kumsasa wa othawa nkhondo, kungoti chimanga chachikasuchi chatikola. Koma khalani pansi kaye, Amayi, nkhani ndili nayoyi si yomvera chiimire!

Sabata yatha kuchipatala kumene ndimatunga madzi kunafika bambo wina atavala chiguduli, tsitsi litapotana, khungu lili mambamamba. Mzungu wina wodzaona msasa atamuyang'ana anapukusa mutu n'kunena mawu akuti squalor. Mukundidziwa ine, sindisunga funso m'mimba. Ndinakafunsa a Padre Clemente. Iwo anati m'Chingelezi ndi uve wa munthu wosauka wosowa womusamala, ndipo mawuwo anachokera ku Chilatini chija ankapempherera Misa kale. Akuti kumeneko ankatchulanso choncho litsiro la anamfedwa osasamba. Ndinakumbuka inu, mmene munakanira mafuta chitiuzireni kuti achimwene António anaphedwa panjira ya ku Furancungo.

Enfermeira, namwino wathu, anandituma kukapereka sopo ndi ndowa kwa bambo wa chiguduli uja. Ndinapereka ndili chapatali, nditagwira mphuno, manyazi ake! Atasamba n'kumetedwa, ndinaona pakhosi pake chipsera chija achimwene António anapsa ndi mbaula ya fodya. Mayo ine! Ndowa ndinaitaya, ndinakuwa mpaka odwala anatuluka panja. Amayi, mwana wanu ali moyo! Tinaika thunthu la nthochi m'manda pachabe. Akuti anthu a mfuti anawagwira kuti azisenza katundu, ndipo anathawa dzinja lathali. Awonda zedi, koma phala akumwa, ayambanso kundinena kuti ndine wolongolola.

Pempho langa ndi limodzi. Ndamva kwa ogulitsa mbatata kuti mwezi uno mukusudzula alamu anga Amália, ndipo kuti wina waonekera kale ndi ankhoswe ake. Chonde thamangani kwa amalume muimitse zimenezo, mowawo angomwera chikondwerero. Achimwene mawu awo oyamba anali ofunsa za Amália, ine ndinayankha kuti akudikira. Musandisandutse wabodza, Amayi.

Moni kwa amalume, azakhali ndi Eva, kamwana ka achimwene. Mukauze kuti atate ake afunsa ngati kanamera mano.

Inuyo kasambeni, mudzole mafuta.

Ndine mwana wanu,
Bertina