Mlandu wa Chimanga Chokunkha

Amayi anga, kumeneko mukukhala bwanji kodi?

Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Ndiyambe ndi za kumudzi, chifukwa ndikudziwa kuti ndikayamba ndi za ku ofesi mundidula pakamwa. Mng'ono wanga Aginesi wachira, mwana wamkazi, wonenepa ngati dzungu, ndipo mphuno ndi yanu yeniyeni. Akalira, anthu onse a ku Kaduya amadziwa kuti wadzuka. Akamwini anu akuti mawuwo watengera ine, koma akunama. Nandolo wachita bwino chaka chino, moti achimwene a Piyasoni ankangopalasa njinga kupita naye ku Migowi, ndipo akhoma malata pa khitchini ija munkadandaula kuti ikudontha. Mbuzi yanu yamawanga ija khalidwe silinasinthe. Mwezi watha inatafuna chitenje cha amayi abusa chili pachingwe, tinachita kukapepesa ndi nkhuku.

Tsopano za ine. Paja munatisiya ndikuthamanga ndi timilandu ting'onoting'ono. Chaka chino andikweza, andiika ku gawo la ma apilo. Ndikufotokozereni monga ndinafotokozera azakhali: munthu akaweruzidwa kukhoti laling'ono koma osakhutira, amakadandaula kukhoti lalikulu, ndipo ine ndi amene ndimakaima kumeneko m'malo mwa boma. Lero ndi mlandu wakuba, mawa ndi wa munthu amene akukokana ndi boma pa nkhani ya malo kapena ya ntchito. Mkanjo wakuda ndimavala ndithu, kaya kutenthe chotani. Munkakonda kunena kuti, "Iwe Rozina, pakamwa pakopo padzakudyetsa kapena padzakumangitsa." Mpaka pano pakundidyetsa, Amayi.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi ichi: mlandu wanga woyamba wa apilo ndaluza, ndipo chiluzireni ndikungomwetulira ndekha m'minibasi, anthu mpaka kumandiyang'ana.

Unali mlandu wa mayi wina wachikulire wa ku Jenala, a Dolofe, wamasiye wolera zidzukulu. Sindinkawadziwa, ngakhale dzina lawo ndinali ndisanalimvepo. Munda woyandikana ndi kwawo anaubwereka wamalonda wina wochokera m'tauni. Iye atakolola, a Dolofe analowamo ndi dengu lawo kukakunkha. Mlonda anawagwira, nkhani inafika kupolisi, kukhoti analibe wowayankhulira, ndipo anawapeza olakwa pa mlandu wakuba. Chilango chake chinali choti dzinja lonse liwathere m'ndende. Loya wina wothandiza osauka ndiye anawachitira apilo. Pamene nkhaniyi inkafika patebulo panga n'kuti kunja kutatentha, anthu akumaliza kuunga mizere, koma munda wa a Dolofe uli tchire lokhalokha. Inu mukudziwa kuti wamasiye akaphonya mvula yoyamba, njala yake imakhala ya chaka chathunthu, iye ndi ana omwe.

Ntchito yanga inali yokateteza chigamulocho kuti chisasinthe. Ndinawerenga umboni wonse mofatsa. Mlonda uja, mboni ya mwini munda, anavomera yekha kuti chimanga chinali chitatutidwa kale pangolo, mapesi atagwa, mbuzi za m'mudzi zikudya momwemo. Nditafika pa mbuzipo ndinaika cholembera pansi. Ndinakuonani, Amayi, m'munda mwathu tsiku lomaliza kukolola, ine ndikubwerera m'mbuyo kukatola tizimanga totsalira m'mapesi, inu n'kundikoka diresi. "Zisiye izo, si zathunso, eni ake akubwera." Ndipo ankabweradi ndi madengu awo, inu n'kumawapatsa moni ngati alendo. Nafenso chaka cha njala chija tinakunkha m'minda ya eni, palibe amene anatitcha akuba. Kwathu mbuzi zikangolowa m'munda ndiye kuti mwini wake wathana nawo. Lamulo limene ndinaphunzira kusukulu nalonso silitsutsa: munthu wotenga chinthu akukhulupirira ndi mtima woona kuti n'chololedwa kwa iye, ameneyo sanabe.

Kudziwa ndinadziwa, koma panatsala kukauza abwana anga, bambo wachikulire amene saseka wamba. Ndinalowa mu ofesi mwawo. Ndinkaopa kuti aziti mtsikanayu tangomukweza kumene, wayamba kale kugawa milandu ya boma ngati zitumbuwa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa kuti, "Mayi ameneyu ndi m'bale wanu?" Ndinati ayi, timangochokera dera limodzi. Anawerenga okha umboni wa mlonda uja, anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Ndiye mukufuna mukanene chiyani kukhoti?" Ine ndinati, "Zoona zake, bwana." Anavalanso magalasi awo. Kenaka anati, "Kanenenitu. Boma silipindula kanthu posunga gogo m'ndende chifukwa cha chimanga choti mbuzi zikanadya." Ndinatuluka mmenemo ndikufuna kuvina, koma ndinakumbuka kuti ndavala nsapato zazitali.

Tsiku la mlandu anabwera nawo a Dolofe, mayi wochepa thupi, mpango uli kumutu, manja atawapinda pamiyendo ngati ali m'tchalitchi. Loya wawo anafika ndi mulu wa mabuku, atakonzekera nkhondo, ndipo anayankhula mpaka mawu kusasa. Jaji atatembenukira kwa ine ndinaimirira n'kunena kuti boma silikutsutsa apiloyi. Loya mnzanga uja anatsala kukamwa kuli yasa. Jaji sanangovomera ayi, anandipanikiza ndi mafunso. Ankafuna adziwe kuti kukunkha kumayamba liti, amaloleza ndani, ndiponso ngati mwini munda anachenjezapo anthu kuti asalowe. Ndinayankha zonse, zina kuchokera m'mabuku, zina kuchokera m'munda mwanu. Pomaliza anagamula kuti chigamulo choyamba chija chafafanizidwa, mayiwo amasulidwe tsiku lomwelo.

A Dolofe sanamve kanthu, poti zonse zinali m'Chingerezi. Womasulira atawauza, anangofunsa kuti, "Ndizipita? Kwathu?" Atawabwerezera, analulutira m'khoti momwemo. Wapolisi anayesa kuwaletsa koma nayenso ankaseka. Amayi, ndapambanapo milandu yambiri ndili kukhoti laling'ono, koma sindinasangalalepo ngati tsiku limenelo.

Ndikutuluka, mkanjo uli pamkono, ndinawapeza atakhala pakhonde akudikira galimoto yoti ipite nawo kundende kukasaina zotuluka. Anandikodola. Chichewa chawo n'chokoka ngati chanu, chija chimanunkhira Chilomwe, moti ndisanamve n'komwe zimene ankanena, m'maso mwanga munali mutayamba kale kutentha.

"Mwananga, akuti boma ndi limene lanena kuti ndilibe mlandu. Lapita kale? Ndimati ndilithokoze."

Ndinanjuta pambali pawo n'kuwauza kuti, "Boma lake ndi ine, amayi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, anaseka mpaka kutsokomola. "Inuyo? Ine mmene munaimirira muja ndimayesa ndinu mwabwera kudzandimangitsa!" Atapukuta misozi ya kuseka anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kufunsa monga amafunsira akuluakulu kwathu: "Ndinu mwana wa yani?"

Chikuikireni m'manda, dzina lanu ndakhala ndikulizemba, chifukwa likangofika pakhosi misozi imatsogola. Koma pakhonde paja linatuluka lokha, bwinobwino, anthu akudutsa. Ndinati, "Ndine mwana wa a Elube a ku Kaduya." Sakukudziwani, sanakuonenipo n'kamodzi komwe. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Mukawauze amayi anuwo kuti analera."

Sindinawauze kuti munatsogola. Ndinangoti, "Ndikawauza."

Mvula yoyamba yagwa sabata yatha, ndipo loya wawo uja wandiimbira foni kuti a Dolofe adzala limodzi ndi anzawo, a kutchalitchi kwawo anawathandiza kuswa mphanje. Ndiye uthenga wanu ndi umenewo, Amayi, ndaufikitsa monga ndinatumidwira. Pa Khirisimasi ndikubwera kudzalambula pamene mwagonapo, ndipo ndidzagwada n'kukuuzaninso pakamwa, mawu ake omwewo, osachotsera.

Ndimakukondani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Rozina